Kamwala Kotchedwa Kalikulasi

Lolemba, 5 Okutobala 1992

Andigoneka lero masana, wodi ya amuna, bedi la pafupi ndi zenera. Kope ili wandipatsa ndi mwana wanga Nelly, akuti ndizilembamo zimene adokotala akunena, chifukwa ine ndimasunga zokhazo zimene zandikomera. Sananame.

Ndine Staford Chikaipa, wobadwira ku Ntcheu, wokalambira ku Bindura. Ndinagwira ntchito pansi pa mgodi wa nikelo mpaka anandipumitsa, ndipo chiyambire chilalachi ndimakumba golide ku Kitsiyatota monga wina aliyense. Vuto langa ndi mkodzo. Umayamba bwino, kenaka n'kuduka ngati wina watseka mpopi, ululu wake wosanena. Dzulo unakaniratu. Andiika kapaipi, thumba lake alipachika m'mbali mwa bedi. Mmene kalowera kapaipiko sindilemba.

Lachiwiri, 6 Okutobala

Kuno amadzutsa kusanache kuti ayeze kutentha kwa thupi. Kenaka tiyi ndi phala lachikasu la chimanga cha thandizo chija timachitcha Kenya.

Andijambula ekisire. Adokotala, mnyamata wa Chishona wolankhula mofulumira, anakweza chithunzicho pazenera n'kuloza ndi cholembera: “Mune dombo mudundira, sekuru.” Ndiye kuti muli ndi mwala m'chikhodzodzo, agogo. Ndauona ndekha, ngati dzira la nkhunda. Akuti udzachoka ndi opaleshoni, koma ayambe athana ndi mafinya amene ali mu mkodzo. Mapiritsi a bakitirimu, awiri m'mawa awiri madzulo, ndi madzi ambiri akumwa.

Amake Nelly, a Estele, anabwera nthawi yoona odwala. Atangomva kuti mwala, anaika dengu pansi n'kugwira m'chiuno. “Ndinanena ine.”

Ndilembe chimene akutanthauza. A Gideoni Zakeyo ndi ine tinatuluka ku Ntcheu limodzi tili anyamata, kudzera ku Tete. Shafuti imodzi yotsikira mumgodi, komboni imodzi, ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Kuno tilibe abale, ndiye tinapangana kuti woyamba kufa adzaikidwa ndi mnzake. Mwezi wa Epulo tinakangana padzenje lathu ku Kitsiyatota. Iwo amati khoma lang'aluka, tichoke. Ine ndimati mzere wa mwala wabwino wayandikira. Anakwera chingwe, ali pamwamba anakuwa anthu akumva: “Khalani nayo miyala yanuyo, aChikaipa, muidye!” Mwezi wotsatira ululu unandiyamba. Kuyambira pamenepo amake Nelly anawaletsa kuponda pakhomo pathu.

Lachitatu, 7 Okutobala

Kutentha kwatsikako. Mkodzo m'thumba ukuonekabe ngati thobwa.

Ndawerenga pepala lopachikidwa kumiyendo kwa bedi langa. Palembedwa mawu akuti calculus. Ndinawazindikira msanga, chifukwa ndi omwewo ali pa buku lalikulu la masamu limene Nelly amalimbana nalo. Iye amaphunzitsa ana ku Madziwa, kwinaku akuwerengera mayeso apamwamba, ndipo buku limeneli lamuliritsa kangapo. Ndinalankhula mokweza osadziwa: “Kodi matenda a masamu andilowa bwanji ine wolekeza Sitandade 4?”

Bambo wa bedi la kumanja anaseka mpaka kutsokomola. Dzina lawo a Jasper, a ku Angonia ku Mozambiki, mlembi wa pafamu ya fodya. Ali ndi shuga, phazi lawo lili ndi chilonda chosapola. Chichewa chawo n'cha kwathu ndithu. Akuti ali mnyamata anakhala kwa ansembe zaka zingapo akuphunzira Chilatini, mpaka anaona mtsikana wina akusamba m'manja pachitsime, unsembe n'kuthera pomwepo.

“Achimwene, mawu amenewo ndimawadziwa ndi agogo ake omwe,” anatero. Asanapitirize, namwino Tambudzai anafika kudzatsuka phazi lawo, phunziro n'kusanduka kubuula.

Lachinayi, 8 Okutobala

Sukulu ya a Jasper yatsegulidwa titamwa mankhwala a m'mawa. Ndilemba monga ananenera.

Chilatini chinali chilankhulo cha Aroma akale. Mwala wa njereza ankautcha calx. Akafuna kunena kanthu kakang'ono ankawonjezera kamchira, ndiye calculus ndi kamwala basi. “Ndi ‘ka’ wathu yemweyu,” anatero a Jasper. “Mwala, kamwala. Ife timamuika kumutu, iwo kumatako.”

Anthuwo ankawerengera ndi timiyala, kutisuntha pathabwa la mizere ngati tikusewera bawo. Pang'ono ndi pang'ono dzina la kamwala linakhala dzina la kuwerengako, n'kudzafika pa buku la Nelly. Asing'anga awo nawonso akapeza mwala m'thupi la munthu ankautcha chimodzimodzi. Mawu amodzi, ana awiri, wina anapita kusukulu, wina kuchipatala.

Ndinafunsa: “Ndiye kuti Aromawo ankadwala matenda angawa?”

“Kwambiri. Ankawang'amba ali maso, anthu atawapanikiza manja ndi miyendo. Inu muthokoze jakisoni.”

Ndakhala ndikuganiza masana onse. Ngati matendawa anali ndi dzina kalekale chotero, a Gideoni sanawayambitse ndi iwo. Mtima wanga wapepukako.

Lachisanu, 9 Okutobala

Thupi latentha kwambiri. Kunjenjemera. Andiika diripi, bakitirimu asiya, ayamba jakisoni.

Loweruka, 10 Okutobala

Chimodzimodzi. Sindinadye. A Kenias, a bedi la kumanzere, amene dzenje linawathyola ntchafu, atsitsa wailesi yawo chifukwa cha ine.

Lamulungu, 11 Okutobala

Ndadzuka wopepuka, ndamwa tiyi ndi buledi.

Amake Nelly abwera ndi mbatata yophika, komanso a Fainos, mkulu wa mpingo wathu amenenso ndi wapampando wa bungwe la maliro la anthu a kwathu. Anapemphera, kenaka anakokera mpando pafupi.

Akuti nkhani yafala komboni yonse kuti mwala wapezeka. Mai Ndaziona, akazi a Gideoni, akafika pamjigo amayi anzawo amanyamula zidebe n'kuchoka. Bungwe likumana Lamulungu la pa 25, ndipo ambiri akufuna a Gideoni achotsedwe. Munthu wochotsedwa m'bungwe kuno kuchilendo ndiye kuti akadzafa adzakwiriridwa ndi akaidi.

“Mwini thupi ndinu, aChikaipa,” anatero a Fainos. “Mukati mukuwakayikira, tiwachotsa. Mukati ayi, nkhani yatha. Koma mawu achoke pakamwa panu.”

Ndinawafotokozera za Aroma, za calx ndi kamchira kake, ndikudzimva kuti ndine mphunzitsi. Amake Nelly anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa akusenda mbatata: “Nanga Aromawo analibe afiti awo?”

Ndinayang'ana a Jasper. Anali atatseka maso ngati agona, chonsecho chala chawo chikugwedera pabulangete. Ndinauza a Fainos kuti ndiyankha ndikatuluka ku fiyeta.

Amake Nelly si munthu woipa. Ndi amene anandisenza pa wilibala kukafika pamsewu tsiku lija mkodzo unakana. Akuopa kutsala okha, ndipo mantha awo akufuna munthu woti amuloze.

Lolemba, 12 Okutobala

Anditenga magazi, ayezanso mkodzo. Mafinya achepa. Kuthamanga kwa magazi kuli bwino. Opaleshoni Lachinayi.

Ndinagwira adokotala mkono wa malaya kuti asathamange, n'kufunsa kuti mwala wotere umakula nthawi yaitali bwanji. Akuti zaka. Umayamba ngati mchenga, makamaka kwa munthu wotuluka thukuta kwambiri koma womwa madzi ochepa, ndiponso kwa okalamba amene mkodzo sutha bwino m'chikhodzodzo. Ndinafunsanso chifukwa chake unandipweteka mu Meyi osati kale. Anakweza mapewa. “Unasuntha, sekuru.”

Unasuntha. Wausuntha ndani? Sindinafunse. Ndilembe zoona: mawu aja akuti muidye amandibwererabe, ndipo ndikawakumbukira ndimakwiya. Munthu sulankhula choncho kwa mnzako ali pansi pa dzenje.

Lachiwiri, 13 Okutobala

Diripi achotsa. Ndayenda mpaka kukhonde nditanyamula thumba langa ngati mayi wopita kumsika.

A Jasper lero alakwitsa, ndipo avomera okha. Pofuna kusangalatsa amake Nelly, anatulutsa mwana wachitatu wa mawu aja. Akuti kale kwambiri Aroma aja ankaweruza milandu ndi timiyala. Woweruza aliyense ankaponya kamwala mumtsuko, koyera ngati munthu alibe mlandu, kakuda ngati ndi wolakwa. Nakonso ankakatcha calculus.

Amake Nelly anaomba m'manja kamodzi. “Eya! Ndiye mwalawo ukatuluka tiuone mtundu wake. Mulungu sabisa.”

“Mayi, sindinatanthauze choncho,” anatero a Jasper.

“Mwanena nokha, bambo. Ine Chilatini sindichidziwa.”

Atapita ndinawauza a Jasper kuti ansembe anachita bwino kuwabweza. Anayankha kuti nawonso akhala akuganiza choncho.

Lachitatu, 14 Okutobala

Ndasaina chilolezo. Andimeta pamimba. Chakudya chomaliza ndi chamadzulo ano, kenaka osadya osamwa.

Namwino Tambudzai wandiuza chinthu akukonza bedi. Akuti pali mdala wa njinga yakuda amene amabwera tsiku lililonse n'kuima pansi pa mtengo wa jakaranda pafupi ndi geti. Salowa. Amangomufunsa iye kuti, “Achimwene vangu vari sei?” kutanthauza kuti achimwene anga ali bwanji. Sabata yatha anasiya malalanje, koma anapempha kuti asanene kumene achokera, kuopa kuti angatayidwe.

“Nanga ali kuti malalanjewo?” ndinafunsa.

“Ndinadya, sekuru. Ndine pano, sindinafe.”

Ndinasuzumira pazenera. Mtengo ndikuuona, maluwa ake ali mbwee pansi, koma munthu panalibe.

Ndikuopa mawa. Ndalowa pansi pa nthaka moyo wanga wonse osaopa chonchi. Ndikapanda kudzuka, wondiika m'manda ndi munthu amene sakuloledwa pakhomo panga.

Lachisanu, 16 Okutobala

Ndilipo. Dzulo anandibaya jakisoni pamsana, miyendo inafa, ndinamva akukoka koma osapweteka. Lero ndiye kupweteka. Mkodzo wofiira. Madzi pang'onopang'ono.

Loweruka, 17 Okutobala

Phala ladutsa. Jakisoni wa ululu kawiri. Bala alitsuka, akuti n'louma bwino.

Namwino Tambudzai wabweretsa mwala wanga m'kabotolo. Ndaugwira, ndauyeza m'dzanja monga timachitira kudzenje. Ndi wopepuka, wokhakhala, wopanda phindu lililonse. Mtundu wake ndi wa tiyi wothira mkaka wochepa.

Amake Nelly anauyang'ana nthawi yaitali. “Wakuda.”

“Wabulauni, mayi,” anatero a Jasper.

“Khaki iyo,” anatero a Kenias ali chigonere.

“Woyera si umenewu,” anatero amake Nelly, ndipo pamenepo palibe anawatsutsa. Ndinafunsa a Jasper chimene Aroma ankachita ndi mwala wabulauni. Akuti sanasiye mawu. Amake Nelly anyamuka akunena kuti akauza a Fainos zimene aona ndi maso awo. Ndinalibe mphamvu zowaletsa.

Lamulungu, 18 Okutobala

Andiyendetsa mpaka kuchitseko ndi kubwerera. Mkodzo wayamba kuyera.

Nelly wabwera kuchokera ku Madziwa ndi nthochi. Ine ndimamulankhula Chichewa, iye amayankha Chishona, takhala choncho chibadwire chake. Ndinamuonetsa kabotolo n'kumuuza kuti kalikulasi amene wamulepheretsa iye, ine andichotsa tsiku limodzi. Anaseka mpaka misozi, kenaka misoziyo inapitirira kuseka kutatha. A Gideoni ndi amene ankamunyamula pa njinga popita kusukulu ali wamng'ono. Akuti anakumana nawo pamsewu, iwo n'kuyang'ana kumbali kuti asamuvutitse ndi moni.

A Jasper anaona fumbi loyera pa siketi yake n'kufunsa ngati ali ndi choko m'chikwama. Anatulutsa kachidutswa. Iwo analemba pachitseko cha kakabati kawo: calx. Akuti Angelezi anatenga mawu amenewa n'kuwapotoza, ife n'kutenga kwa Angelezi n'kupotozanso, mpaka kukhala choko. Ndiye kuti choko ndi mwala wangawu ndi pachibale, agogo awo ndi mmodzi. Nelly anawasiyira kachidutswako kuti apitirize sukulu yawo.

Lolemba, 19 Okutobala

Jakisoni asiya, abwerera ku mapiritsi. Panado ndikamva ululu.

A Jasper awatumiza ku Harare. Chala chachikulu chada, adokotala akuti mwina phazi lonse lichoka. Anamva nkhaniyi ngati akumva za mvula ya kwina. Akudikira ambulansi ndinawafunsa chimene chakhala chikundizunguza.

“Timiyala ta milandu tija, ankatola bwanji? Ankapisa m'thumba osayang'ana, kuti katuluke kamene katuluke?”

“Ayi. Woweruza ankakhala nato tonse tiwiri m'manja, koyera ndi kakuda. Amene ankasankha ndi iyeyo.”

“Bwanji simunawauze amake Nelly zimenezo?”

“Sanandipatse mpata, achimwene. Ndiponso woweruza si iwo.”

Anandisiyira choko chija ndi theka la sopo. Bedi lawo pofika madzulo munali kale munthu wina, wosalankhula. Ndawasowa.

Lachitatu, 21 Okutobala

Ndikuyenda ndekha mpaka kubafa. Bala likuyabwa, akuti ndiko kupola.

A Fainos anadutsa. Akuti a Gideoni sadikira msonkhano wa Lamulungu. Amanga katundu, Loweruka akwera lole kupita kwa mwana wawo ku Jumbo, ndipo anena kuti sadzabweranso. A Fainos anati ngati ndili ndi mawu ndiwapatse akanene. Ndinakana. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinawapempha kuti adzabwere Lachisanu pamodzi ndi amake Nelly.

Kenaka ndinaitana namwino Tambudzai. Ndinamuuza kuti mdala wa njinga uja akabwera amuuze kuti Lachisanu alowe, ndipo akakana amuuze kuti ndafa. Anati bodza lotere sanganene ali mu yunifomu. Ndinati anene atavala juzi pamwamba.

Lachinayi, 22 Okutobala

Ndakhala ndi kabotolo masana onse. Mkwiyo wa mawu aja sunathe, ndaufufuza ndipo ulipo. Koma khoma lija linagwadi mu Juni, ine nditagona kunyumba ndi ululu. Amene anandikuwira mawu oipa ankafuna ndituluke m'dzenje.

Ndatulutsa mwala, ndaupukuta ndi thaulo. Ntchito ina ndaigwira nditatembenukira kukhoma, a Kenias asaone.

Lachisanu, 23 Okutobala

M'mawa achotsa ulusi ndi kapaipi. Ndinamwa madzi jagi yonse, n'kupita kubafa mtima uli m'mwamba. Unatuluka wonse, osaduka. Ndinaima pamenepo ndikumvetsera phokoso lake ngati nyimbo ya kwaya. Akuti ndituluka Lolemba. Osanyamula zolemera mpaka Khirisimasi, madzi ambiri masiku onse.

Nthawi yoona odwala amake Nelly anafika ndi botolo la thobwa, a Fainos pambuyo. Atangokhala, a Gideoni analowa, chipewa chili m'manja. Aonda. Anaima kumiyendo kwa bedi, pafupi ndi pepala lija.

“Anandiuza kuti mwatsala pang'ono,” anatero.

“Anachepetsa. Ine ndinati akuuzeni kuti ndafa.”

Amake Nelly anayang'ana kukhoma. A Kenias anazimitsa wailesi.

Ndinati: “A Fainos, munati mawu achoke pakamwa panga. AZakeyo, tambasulani dzanja.”

Anatambasula. Ndinatulutsa mwala pansi pa pilo n'kuuika m'dzanja lawo. Unali woyera mbee.

“Mwaupaka choko!” anatero amake Nelly. “Abambo ake a Nelly, ndinauona ine, unali wakuda. Mwaupaka!”

“Eya, ndaupaka ndine. Woyera ndinalibe, ndiye ndapanga. Mwala susankha, amasankha ndi mwini mlandu. A Fainos, mwaona mtundu umene ndaponya. Mukanene Lamulungu.”

A Fainos anati aona. A Gideoni za Aroma sakuzidziwa, palibe anawafotokozera. Anautembenuza mwalawo, anaukanda ndi chikhadabo, anauyeza m'dzanja, choko chikuwayeretsa zala.

“Mulibe golide umu, aChikaipa.”

“Ndikudziwa.”

“Ndinakuuzani kuti tichoke.” A Gideoni anakhala pansi m'mphepete mwa bedi n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Amake Nelly anasendera pafupi ndi kakabati. Kenaka anatsegula botolo, anathira thobwa m'kapu yanga, n'kuiika pakakabati, osati mbali yanga koma mbali imene kunali a Gideoni. Anatero akuyang'anabe kukhoma: “Ayambe asamba m'manja. Choko si ndiwo.”

A Gideoni anapita kukasamba. Atabwerera anamwa yonse.